Mtengo wa Khirisimasi ndi tinyama ta m'nyumba: zimene oweta a mu Lusaka ayenera kudziwa

Disembala akangolowa, Lusaka sachedwa kuvala za Khirisimasi. Ku Manda Hill, ku East Park ndi ku Levy mitengo italiitali yonyezimira imakhala itaimikidwa kale, ana akujambulitsa pansi pake. Anyamata ogulitsa pa maloboti a msewu wa Great East amasintha katundu, m'manja mwawo n'kudzaza zipewa zofiira ndi timagetsi tophethira. Ku Kamwala mashopu amadzaza ndi mitengo ya pulasitiki, timipira togwirira maso ndi tizingwe tonyezimira, ndipo pofika sabata yachitatu katundu yenseyu amakhala atalowa m'zipinda zochezera za ku Kabwata, Chelstone, Woodlands ndi Kabulonga. Palibe cholakwika pamenepa. Chaka chimakhala chitatilemera, ndipo nyumba yowala imatsitsimula mtima.

Koma m'nyumba zambiri mwa izi mulinso ziweto, ndipo chimene ife timati chokongoletsa, izo zimati chotafuna. Muli kalulu amene mwana anamulirira mpaka kumugulira, mbira za m'khola la pakhonde, mphaka, kagalu, ndipo m'nyumba zowerengeka muli kanyama kachilendo kotchedwa chinchila. Ndiyambira pa chinchila ngakhale ambiri a ife sitinamuonepo ndi maso, chifukwa pa tinyama tonse toweta m'nyumba, iyeyu ndiye sachedwa kufa ndi Khirisimasi ya kuno. Nyumba imene yakonzedwa bwino moti chinchila n'kutulukamo wamoyo mu Januwale, kalulu ndi mbira nazonso zikhalamo mwamtendere.

Kanyama ka kumapiri ozizira

Chinchila ndi wachibale wa mbira. Ndi wocheperapo poyerekeza ndi kalulu wa m'khola, kulemera kwake kawirikawiri sikufika kilogalamu imodzi, makutu ake ndi aakulu ndipo mchira wake ndi wa ubweya wambiri. Kwawo ndi ku mapiri a Andes ku South America, makamaka ku Chile, kumalo a miyala, ouma, ozizira kwambiri usiku. Kuti apirire chisanu cha kumeneko ali ndi ubweya wothithikana modabwitsa: pa kabowo kamodzi ka pakhungu pamamera tiubweya toposa 50. Ubweya womwewo ndiwo unatsala pang'ono kumutheretsa padziko. Alenje anapha achinchila ochuluka zedi pofuna zikopa zogulitsa ku Ulaya ndi ku America, mpaka mu 1910 maiko a Chile, Peru, Bolivia ndi Argentina anapangana zoletsa kuwasaka. Mpaka lero a kutchire ali m'gulu la nyama zomwe zili pangozi yotheratu, ndipo dziko la Chile linawapatulira malo otetezedwa pafupi ndi tauni ya Illapel mu 1983.

Ambiri mwa amene amawetedwa m'nyumba anachokera ku kagulu kamodzi kakang'ono. Mathias Chapman, injiniya wa ku America amene ankagwira ntchito ku migodi ya kopa ku Chile, anafika ku California mu Febuluwale 1923 ali ndi achinchila 11. Sitima yake ya pamadzi inadutsa m'madera otentha, ndipo kuti tinyamato tisafere m'njira ankaziziritsa khola ndi ayezi. Padutsa zaka zoposa 100, koma thupi la chinchila likadali la kumapiri.

Apa ndi pomwe malangizo ambiri a pa intaneti amatisiya m'malere. Amalembedwa ndi anthu a ku London kapena ku Toronto, kumene Khirisimasi imagwa chisanu chili pachimake, ndipo nkhawa yawo imathera pa mawaya ndi zokongoletsa. Khirisimasi yathu imagwa pakati pa dzinja. Lusaka ali pamtunda wa mamita pafupifupi 1,300, choncho sikuotcha ngati ku Siavonga kapena ku chigwa cha Luangwa, komabe masana a Disembala amafika madigiri 26 kapena 27, ndipo dzuwa likatuluka mvula itangokata, kumatha kufika 30 mpweya uli wolemera ndi chinyontho. Chinchila satuluka thukuta. Amakhala bwino kukazizira, pansi pa madigiri 22. Kukapitirira 25 amayamba kuvutika, ndipo kutentha kwa madigiri 28 kophatikizana ndi chinyontho kungathe kumupha masana amodzi. Kumuyatsira fani sikuthandiza kwenikweni, pakuti fani imaziziritsa thupi lomwe lili ndi thukuta loti liume.

Tsono taganizirani chipinda chochezera cha m'mafulati a ku Kabwata pa 25 Disembala. Abale adzaza mipando yonse, ena akhala pamkeka, ovuni yakhala ikuyaka kuyambira m'mawa, mawindo atsekedwa chifukwa kunja kukugwa mvula. Anthu akudzipepesa ndi nyuzipepala n'kumaseka. M'khola pakona, kanyama kagona cham'mbali katatambalala, kakupuma mofulumira, makutu afiira psuu mpaka timitsempha tikuonekera, pakamwa panyowa. Mlendo amati kagona tulo. Kameneko sikakugona, kakufa ndi kutentha. Kalulu ndi mbira nazonso zimafooka motero, kungoti zimapirirako pang'ono.

Mwini chinchila wa ku Kabulonga kapena ku Woodlands anganene kuti kwake kuli makina oziziritsa nyumba. Tonse tikukumbukira 2024. Chilala chinali chachikulu moti Pulezidenti Hakainde Hichilema anachilengeza kuti ndi ngozi yogwera dziko lonse pa 29 Febuluwale, madzi anaphwera ku Kariba, ndipo chakumapeto kwa chakacho makomo ambiri a mu Lusaka ankalandira magetsi a ZESCO maola atatu okha pa tsiku, ena osawaona n'komwe. Makina oziziritsa amadya magetsi ambiri, ndipo invata yaing'ono yoyatsira TV ndi mababu siingawanyamule. Amene akuweta kanyama kotere ayenera kukhala ndi njira ina yosadalira magetsi: khola likhale m'chipinda chozizira kuposa zonse, kutali ndi windo lolowa dzuwa la madzulo, pansi pa khola pakhale thailosi kapena mwala wosalala woti kanyamako kazigonapo, ndipo magetsi akakhalapo muumitsiretu mabotolo a madzi mufiriji kuti muziwakulunga m'nsalu n'kuwaika pambali pa khola. Musamusambitse chinchila m'madzi. Ubweya wake suuma msanga ndipo umagwira chipere. Iye amasamba m'fumbi lapadera losalala. Akafooka ndi kutentha, mupititseni pozizira, mumunyowetse makutu ndi mapazi ndi madzi ozizira pang'ono, osati a ayezi, ndipo muthamangire kwa dokotala wa ziweto.

Mano osaleka kukula

Chinchila ali ndi mano 20, mbira 20, kalulu 28, ndipo onsewa amakula moyo wonse. Mano akutsogolo a kalulu amatalika pafupifupi mamilimita awiri pa sabata. Kanyama kotere kakapanda kutafuna, mano amakapyoza m'kamwa n'kulephera kudya. Choncho kutafuna si mwano ayi, ndipo kukalipira kapena kumenya sikungakaletse. Kakaona waya wadutsa pansi m'mbali mwa khoma, kamauluma monga kangalumire muzu wotsekereza njira kuuna kwake.

Tengani waya wa timagetsi ta Khirisimasi umene kalulu waupeza, muuyang'anitsitse pafupi. Nthawi zambiri suduka ayi. Mumangoona timabala tiwiri tating'ono pa pulasitiki wobiriwirayo, ndi kakopa kofiirira kakusuzumira mkati. Kalulu amachita zimenezi m'kanthawi kochepa, inu mukutsegulira mlendo pageti. Timagetsi tambiri totsika mtengo tili ndi mawaya opyapyala ndipo timalandira mphamvu yonse ya m'khoma, mavolti 230. Kanyama kakaluma waya wamoyo kamapsa milomo ndi lilime, mtima ungathe kuima pomwepo, ndipo ngakhale kadzuke n'kuthawa ngati palibe chachitika, m'mapapo mungayambe kudzaza madzi patapita maola angapo. N'chifukwa chake chiweto chimene chagwidwa ndi magetsi chiyenera kuonedwa ndi dokotala tsiku lomwelo, ngakhale chikuoneka bwinobwino. Ndipo mukachipeza chikadali pawaya, yambani mwazimitsa pakhoma musanachigwire, mungagwidwe nanunso.

Pali ngozi ina imene ndi ya kuno kwathu, yomwe simudzaiwerenga m'malangizo a kunja. Magetsi akapita, m'nyumba mumagwa mdima, mtengo umazima, ndipo palibe amene amakumbuka kuti switchi yatsala yoyatsa. Kalulu kapena khoswe amatafuna waya mumdimamo osamva kanthu chifukwa mulibe mphamvu. Magetsi amabwera pakati pa usiku aliyense ali m'tulo. Waya wosendekawo wagona pa kapeti, pansi pa mtengo wa pulasitiki, pafupi ndi katani ndi mapepala okulungira mphatso. Apa nkhani yasiya kukhala ya chiweto chokha, yafika pa ana amene agona m'chipinda chinacho. Chizolowezi chimodzi chokha chingatseke ngozi imeneyi: magetsi akangopita, kapena mukamapita kogona, kapena mukamatuluka, zulani pulagi ya timagetsi m'khoma.

Pogula, sankhani timagetsi ta LED tokhala ndi kabokosi kotsitsa mphamvu pa pulagi, kapena toyendera mabatire kapena sola. Sititentha, ndipo mphamvu yake ndi yochepa. Koma ta mabatire tili ndi msampha wake: timabatire tating'ono tozungulira tija, galu kapena mwana akatimeza, timatha kuotcha kummero m'maola awiri okha. Waya wochokera kukhoma muulowetse m'paipi ya pulasitiki imene amisiri a magetsi amagwiritsa ntchito, yomwe imapezeka m'mahadiweya a m'tauni, kapena muudutsitse m'mwamba. Adaputa isakhale pansi. Ndipo khalidwe lija lokakamiza pulagi ya mano awiri mu soketi ya mabowo atatu pogwiritsa ntchito kamtengo ka machesi lilekeke, pakhale chiweto kapena pasakhale.

Mdima womwewo umabweretsa kandulo ndi mbaula. Kandulo yoyatsidwa pa tebulo pafupi ndi mtengo wa pulasitiki, mphaka akudumphadumpha, ndi moto wodikira nthawi. Mbaula ya makala yolowetsedwa m'nyumba chifukwa cha mvula imatulutsa mpweya wakupha wosanunkha, ndipo mbalame za m'khola ndi tinyama tating'ono ndito timayamba kugwa anthu asanamve mutu. Utsi wa jenereta yoikidwa pakhonde pafupi ndi khola umachita chimodzimodzi.

Mtengo weniweniwo

Mabanja ambiri mu Lusaka amaimika mtengo wa pulasitiki. Ena amadula nthambi za paini kapena za mitengo ya mpanda yonga mkungudza n'kuziika m'ndowa ya mchenga. Yonse iwiri ili ndi vuto kwa kanyama kotafuna. Nthambi yaiwisi ili ndi utomoni umene umapweteka m'kamwa ndi m'mimba, ndipo simudziwa mankhwala ophera tizilombo amene anapoperapo. Wa pulasitiki umayoyoka timasamba tomwe sitigayika. Chofunika kuchidziwa n'chakuti kalulu, mbira ndi chinchila sasanza. Galu akameza choipa nthawi zina amachibweza, koma tinyama timeneti chimene chalowa chiyenera kutulukira kunako, apo ayi chimatseka matumbo. Chizindikiro choyamba muchipeza pansi pa khola. M'mawa uliwonse payenera kukhala timibulu ta ndowe tambiri, touma, tofanana kukula. Mukaona tachepa, tafota, kapena palibiretu, ndipo kanyamako kakhala ndwii pakona osakhudza udzu, musadikire kuti tione mawa. Kalulu kapena chinchila amene watha maola 12 osadya ali pangozi.

Kwa amphaka mdani wamkulu ndi tizingwe tonyezimira tija ndi maliboni a mphatso. Mphaka amasewera nato, amatiluma, ndipo lilime lake lokakala limatikankhira kummero. Nsonga ina ikakodwa pansi pa lilime, inayo n'kupitirira m'mimba, matumbo amakwinyikira pa chingwecho monga chiuno cha kabudula mukakoka chingwe chake, mpaka chingwe chimawacheka. Mukaona kachingwe kakulendewera kukamwa kapena kumbuyo kwa mphaka, musakakoke, mungamuchekeretu mkati. Ameneyo ngwa opaleshoni. M'nyumba ya mphaka, ine ndinganene mosabisa kuti tizingwe timeneti tisalowemo n'komwe.

Zotsalazo n'zapafupi. Mtengo muumangirire ku zitsulo za pawindo kuti mphaka akakwera usagwe. Timipira tagalasi ndi tingowe tawaya tikhale kumtunda. Koma musadalire kutalika kokha, chifukwa chinchila amadumpha kupitirira mita imodzi, ndipo shelefu imene inu mukuiona ngati patali iye amaifika kamodzi n'kamodzi.

Pali mabanja amene asiya za pulasitiki n'kuyamba kugula zokongoletsa za amisiri athu ku Kabwata Cultural Village pa msewu wa Burma, pa msika wa Lamulungu ku Arcades, kapena pa msika wa ku tchalitchi cha Dutch Reformed ku Kabulonga. Zimenezi ndimazikonda, chifukwa ndalama imatsala m'manja mwa anthu athu ndipo zinthu zake n'zokongola. Koma chinthu chisatengedwe kuti n'chabwino kwa chiweto chifukwa choti n'chachilengedwe. Ziboliboli zambiri amaziwalitsa ndi polishi kapena vanishi. Angelo ndi nyenyezi za mikanda zili ndi waya mkati. Choopsa kwambiri ndi njere zina zokongola zimene zimalowa m'mikanda ndi m'zokongoletsa: tinjere tija tofiira tokhala ndi kadontho kakuda kumutu, ndi nsatsi. Zonsezi zili ndi poizoni wamphamvu amene amatuluka njere ikaphwanyidwa, ndipo kuphwanya njere ndiyo ntchito imene mano a chinchila ndi mbira amaidziwa bwino. Funsani wogulitsa kuti njerezo n'za mtengo wanji, ndipo mukakayika, zipachikeni m'chipinda chimene ziweto ndi ana okwawa salowamo.

Maluwa nawonso ali ndi nkhani. Mvula ikagwa, m'tchire lozungulira Lusaka mumaphuka duwa lija lofiira ndi chikasu la masamba opindikira kumwamba, limene Angerezi amalitcha flame lily ndipo ndi duwa la dziko la Zimbabwe. Limaphuka nthawi ya Khirisimasi yeniyeniyo, ndipo anthu amalithyola kukaika patebulo. Chomera chonsecho, kuyambira duwa mpaka chinangwa chake cha pansi, n'chakupha kwa ziweto ndi kwa anthu omwe. Maluwa a lily ogulidwa m'mashopu amawononga impso za mphaka, ngakhale atangonyambita ufa wake wachikasu umene wagwera paubweya. Oleander, amene wadzala m'mipanda yambiri ya ku Woodlands ndi Kabulonga, amaimitsa mtima. Poinsettia, amene anthu amamuopa kwambiri, kwenikweni amangoyabwa m'kamwa ndi kusokoneza m'mimba, koma nayenso asayandikire khola.

Ngati mukufuna kuti kalulu kapena chinchila asiye za mtengo wanu, mupatseni zake zotafuna: udzu wouma wabwino wochuluka tsiku lililonse, ndi timitengo touma ta mabulosi kapena ta apozi tosapoperedwa mankhwala. M'dzinja udzu umachita nkhungu msanga, choncho muziununkhiza musanaupereke.

Alendo, mbale ndi makombola

Pa Khirisimasi timapatsa, ndipo mtima womwewo umafikira ziweto. Mlendo amaponyera galu fupa la nkhuku yootcha, mwana amagawira kalulu keke, agogo amati nako kanyamaka kadyeko Khirisimasi. Mafupa ophika amathetheka n'kubaya matumbo. Chokoleti chili ndi mankhwala amene thupi la galu silitha kuwachotsa msanga, ndipo chakuda kwambiri ndicho choopsa koposa. Mphesa zouma za m'keke ya Khirisimasi zingaphe impso za galu. Anyezi ndi adyo za m'supu zimawononga magazi a agalu ndi amphaka. Mapeyala, amene ambiri mu Lusaka amati kotapela, ndi poizoni kwa mbalame ndi akalulu. Chinchila ndiye wovuta koposa: m'mimba mwake munazolowera udzu wouma wa kumapiri, moti shuga, mtedza, mabisiketi ngakhale masamba aawisi ambiri zimamutupitsa mimba. Mango ali mbwee nyengo ino, koma si ake. Mowa wotsala m'matambula pansi pa mipando uchotsedwe galu asanaupeze.

Kuletsa mlendo, makamaka wamkulu, kumavuta pa chikhalidwe chathu. Simungawauze apongozi kuti siyani zimenezo pamaso pa anthu. N'chifukwa chake nzeru yabwino ndi kuchotseratu chiweto pamalo a phwando alendo asanafike. Khola lipite m'chipinda chamkati chozizira, chitseko chitsekedwe, ndipo ana auzidwe kuti akafuna kuona kanyamako apite ndi munthu wamkulu, awiriawiri, atakhala pansi. Izi zimatetezanso ku manja a ana. Chinchila akagwidwa mwamphamvu amathothola ubweya wake n'kuthawa, njira imene amapulumukira kwa adani kutchire, ndipo mwana amatsala ndi ubweya m'manja, kanyamako kali ndi chipala pamsana. Nthiti zake n'zosalimba. Kalulu akanyamulidwa ndi makutu kapena akaphiriphitha miyendo ili lende angathe kuthyoka msana. Komanso chinchila amagona masana n'kumadzuka madzulo, choncho phwando la masana limamulanda tulo pa nthawi yomwe thupi lake likulimbana ndi kutentha.

Kenaka pamabwera makombola. Amayamba pang'onopang'ono Khirisimasi isanafike, ana akuphulitsa m'misewu ya ku Chelstone ndi Kabwata, ndipo usiku wa pa 31 Disembala mzinda wonse umachita kugwedezeka. Ziweto zimamva phokoso kuposa ife ndipo sizidziwa kuti ndi chikondwerero. Agalu amadumpha mipanda imene sanaidumphepo, ena amadzipotokola pa tcheni, ena amagundidwa ndi galimoto akuthawa. Bungwe la Lusaka Animal Welfare Society, lomwe limasunga agalu ndi amphaka osowa kwawo, ndi limodzi mwa malo oyamba kukafunsa galu wanu akasowa. Koma kuli bwino kuti asasowe: madzulo amenewo adye msanga, alowe m'nyumba kapena m'galaja, mawindo ndi makatani atsekedwe, wailesi iyatsidwe chapansipansi, ndipo pakhosi pakhale kolala yolembedwa nambala ya foni. Akalulu ndi mbira za panja zilowetsedwe, m'khola muikidwe katoni yobisalamo ndi udzu wambiri. Kalulu amatha kufa ndi mantha okha. Ndipo kwa amene mumaphulitsa makombola pakhomo, kudziwitsa anansi madzulo ake sikudya ndalama.

Pali nkhani ina imene siikambidwa. Sabata ya Khirisimasi mabanja ambiri amatseka nyumba n'kupita ku Siavonga, ku Livingstone kapena kumudzi. Antchito a m'nyumba ndi a m'munda, amene chaka chonse ndiwo amadyetsa ziweto, nawonso amakakwera basi ku Intercity kupita ku Chipata, Katete kapena Petauke, ndipo ndi ufulu wawo. Mphaka mwina angapirire tsiku limodzi atasiyiridwa chakudya ndi madzi okwanira, koma chinchila, kalulu ndi mbira zimafunika munthu woziona m'mawa ndi madzulo. Botolo la madzi limatha kutsekeka, magetsi angapite nyumba n'kutentha. Amene mwamusiyira auzidwe bwinobwino zoti aone, alembedwere nambala ya dokotala, ndipo alipidwe, chifukwa imeneyo ndi ntchito. Musanakiye chitseko, zulani timagetsi tonse.

Zikavuta

Pa tchuthi zipatala zambiri za ziweto zimatseka msanga kapena zimangolandira odwala mwadzidzidzi. Nthawi yofunsa ndi 24 Disembala asanafike: imbani kwa dokotala wanu, mudziwe maola ake a tchuthi ndi nambala ya usiku, ndipo mufunse ngati amaona akalulu ndi tinyama tachilendo, pakuti ambiri anazolowera agalu, amphaka, ng'ombe ndi nkhuku. Ku yunivesite ya UNZA pa msewu wa Great East kuli sukulu ya madokotala a ziweto yotchedwa dzina la Samora Machel, yomwe inamangidwa ndi thandizo la dziko la Japan m'zaka za m'ma 1980, ndipo ili ndi chipatala cha ziweto.

Chimene ndikupempha ndi mtima wonse n'chakuti musathamangire ku kabati ya mankhwala a anthu. Panado mmodzi angaphe mphaka. Amoxicillin, amene ambiri timamusunga m'nyumba, akamwetsedwa kwa mbira, kalulu kapena chinchila amapha tizilombo tabwino ta m'matumbo, ndipo kanyamako kamafa ndi kutsegula m'mimba. Mkaka, mafuta ophikira ndi madzi a mchere, zimene timauzana kuti zimasukulutsa poizoni, zimangowonjezera vuto. Tengani chiwetocho pamodzi ndi chotsala cha chimene chadya, kaya ndi duwa, njere, waya kapena pepala la chokoleti, kuti dokotala aone ndi maso.

Mphatso yamoyo

Chaka chilichonse pali kholo limene limafuna kudabwitsa mwana ndi kanyama m'katoni pa m'mawa wa Khirisimasi, ndipo tividiyo ta achinchila pa TikTok ndi Facebook timakopa. Chinchila amatha kukhala zaka 15, ena mpaka 20. Mwana wa giredi 3 amene mukumugulira lero angadzamalize ku yunivesite kanyamako kakadali m'khola, ndipo zaka zonsezo padzafunika chipinda chozizira m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala, pamene Lusaka kawirikawiri amapitirira madigiri 30, fumbi lake losambira, chakudya chake chapadera, ndi dokotala wodziwa za iye. Kumulowetsa m'dziko kuchokera ku South Africa kapena kwina kumafuna chilolezo cha dipatimenti ya boma yoona za ziweto, malinga ndi lamulo la umoyo wa nyama la 2010. Kumubisa m'chikwama pa basi ya ku Johannesburg ndi kuphwanya lamulo, komanso ulendo wotentha wa ku Chirundu ungamuphe asanafike.

Amene muli naye kale, musamaleni monga tafotokozera, ndipo sabata ya zikondwerero akhale kutali ndi chipinda cha mtengo. Amene mukungoganiza zogula, maganizo anga ndi akuti ngati simungathe kusunga chipinda chimodzi pansi pa madigiri 25 chaka chonse, magetsi alipo kapena palibe, musagule chinchila. Mwana wofuna chiweto mungamupezere mbira ziwiri, zimene zimawetedwa kuno kuyambira kale ndipo zimadya udzu ndi masamba a m'munda mwanu, kapena mungapite naye ku Lusaka Animal Welfare Society kukatenga galu kapena mphaka wosowa mwini. Ndipo zimenezo muchite mu Januwale, mtengo utapakiridwa m'katoni, alendo atabwerera kwawo, makombola atatha, kuti chiwetocho chidzafikire m'nyumba yabata.